Palamenti ya pa Chingwe

Mabuku samulowa mkazi wa mwana kumsana monga mmene amalowera mtsikana wa yunifomu. Febby anazidziwa zimenezi atangolembetsa mayeso a GCE, aja amalemba anthu amene sukulu inawathera panjira. Masamu ankawagwira, poti masamu ali ngati matimati, umatha kuwaunjika m'milu. Koma Siviki, phunziro lija la boma, zipani ndi malamulo, linkamupulumuka ngati sopo m'madzi. Akawerenga tsamba m'mawa, pofika masana m'mutu munkatsala fungo lokha.

Sukulu anailekera mu Giredi 10 atatenga mimba ya Kondwa. Mwamuna wake, Derrick, anali mlonda ku Lusaka ndipo ankabwera kumapeto kwa mwezi. Febby ankakhala ndi apongozi ake, ba Juliana, pa puloti yawo ku Kanakantapa, m'mbali mwa msewu wafumbi umene maminibasi a ku Chongwe amadutsa. Mapepala ena onse anali atalemba kale. Linatsala la Siviki, ndipo popanda ilo satifiketi sikanakwana. M'chipinda cha mayeso salowa ndi mwana. Masiku onse a mayeso ba Juliana ndiwo ankatsala ndi Kondwa, ndipo wina womusiyira panalibe, poti amayi ake a Febby anali kutali ku Petauke.

Loweruka masana ba Evaristo, mphunzitsi wopuma pantchito, ankawaphunzitsa m'kalasi ya katekisimu kutchalitchi.

"Mu Palamenti, Sipika akhala pakati," anatero tsiku lina. "Kudzanja lake lamanja kukhala chipani cholamula. Kumanzere kukhala otsutsa."

"Imwe ba ticha, munapitako?" anafunsa Febby.

"Kamodzi, kale. Kunja kwake ni mkuwa. Mukati muzizila monga mu fuliji."

Febby anayesa kuiona nyumbayo m'maganizo, koma inkangosungunuka. Iye chinthu chimene sanachigwire ndi manja sichinkakhala m'mutu.

Chinamuthandiza ndi thiranki ya apongozi ake. Ba Juliana anayamba kuvinira zipani ali mtsikana. Chipani chilichonse chimene chinatumizapo lole, iwo anakwera, anavina, anabwerako ndi chitenge. M'thirankimo munali zitenge za zipani zamoyo ndi zakufa, za anthu amene anapambana ndi amene anagwa, nkhope zina zowala, zina zozilala moti unkangoona mano.

"Chitenge sichivota," ankatero. "Ni nsalu chabe. Bakupasa, tenga."

Koma anali ndi lamulo limodzi, limene aliyense kumeneko amalidziwa. Chitenge cha chipani umachiyanika chotembenuza, kuseri kwa nyumba. Ukachiyanika nkhope itayang'ana kumsewu, ndiye kuti nyumba yalankhula, yanena kumene ili.

Mwezi umenewo wadi yawo inali pa kampeni. Khansala anali atamwalira, ndipo mpando wake ankaulimbirana a zipani ziwiri: a Nyali, amene anali nawo kale, ndi a Njinga, amene ankaufuna. Ulendo uno ba Juliana ankavinira a Nyali, pansi pa ba Mirriam, tcheyaledi wa azimayi, wa puloti yoyandikana nayo. Tsidya la msewu kunali ba Chipego, amene ankatsogolera azimayi a Njinga. Lamlungu onse atatu ankaimba kwaya imodzi.

Ndiye m'thiranki muja munalowa mphemvu.

"Amake Kondwa, uvichape vonse," anatero ba Juliana popita kokayeserera mavinidwe. "Uyanike kumbuyo."

Kumbuyo kunali kachingwe kafupi, kosakwana ngakhale theka la zitengezo. Febby anaima pabwalo, beseni m'chiuno, Kondwa kumsana, maso pa mtengo wa mango. Pamtengopo pankachoka zingwe ziwiri. China chinkatsata mpanda wa kumsewu mpaka pa papaya, china chinkapita pa mzati wa khitchini. Chikwatiwire ankayanikapo zovala tsiku ndi tsiku, koma tsikulo anaona zina. Mtengo unali utatambasula manja awiri.

"Sipika," ananong'oneza.

Kudzanja lamanja la mtengo, pa chingwe cha kumsewu, anayanika za a Nyali. Limenelo linali boma. Kumanzere, pa chingwe cha kukhitchini, anayanika za a Njinga ndi za tizipani tina. Amenewo anali otsutsa. Sanatembenuze ndi chimodzi chomwe, poti phungu wopanda nkhope ndi nsalu chabe. Matewera a Kondwa, amene analibe chipani, anawapanira kumapeto kwa chingwe cha kukhitchini kuti akhale aphungu oima paokha.

Kenako mphepo ya Ogasiti inatulukira m'minda ya mapesi. Zitenge zinafufuma. Nkhope zinayamba kugwedeza mitu, za mbali ino zikuweramira kutsogolo, za mbali inayo zikubwerera m'mbuyo ngati zanyozedwa. Mango anali pa maluwa, njuchi zikulira m'mwamba mosalekeza, ndipo Febby anamva ngati ndi anthu ambiri akunong'onezana m'nyumba yaikulu yozizira.

Anatola kasokosi ka Kondwa kuti kakhale bilu, lamulo limene lisanabadwe. Anakaonetsa kwa mtengo natchula dzina lake lokha: kuwerenga koyamba, palibe kutsutsana. Anayenda nako pakati pa zingwe ziwiri, zitenge zikumumenya m'mapewa uku ndi uku: kuwerenga kwachiwiri, pamene amakangana ngati lamulolo lili lofunika. Anakaviika m'beseni, kukatikita chala ndi chala, kuchotsa zothimbirira: imeneyo inali komiti. Anabwera nako kudzanena zimene komiti yasintha, anakawerenga kachitatu, ndipo pomaliza anakakaika pakhomo la nyumba kuti apulezidenti asaine. Madzulo a tsikulo, akutsuka mbale, anapeza kuti zonse zikadali m'mutu, iliyonse pamalo pake.

Kuyambira pamenepo, ba Juliana akangotuluka, Palamenti inkatsegulidwa. Zitenge zouma kale ankaziyanikanso, ndipo ankazipinda iwo asanabwere. Ba Mirriam anadutsa tsiku lina, anaona nkhope za a Nyali zitandandalika kumsewu, anangomwetulira. Panalibe chachilendo. Aliyense ankadziwa kumene ba Juliana akuvina.

Lolemba la sabata ya mayeso, Febby anafika pa mutu wa kusintha kwa boma. Buku linkati chipani cholamula chikagonja pa chisankho, amene anali otsutsa amakakhala kudzanja lamanja la Sipika, enawo n'kupita kumanzere. Febby sanaganize zambiri. Anachotsa mapegi, anasamutsira a Njinga onse pa chingwe cha kumsewu, a Nyali onse pa cha kukhitchini. Malo anachepa, moti nkhope ya munthu amene ankaimira a Nyali pa chisankho inagwera pakati pa matewera awiri.

Kondwa anayamba kulira tulo. Febby anakhala pansi pa mtengo, anatsamira thunthu, anamupatsa bere. Timaluwa ta mango tinkagwera pa buku. Dzuwa linkadutsa m'zitenge n'kupaka nthaka mitundumitundu, ndipo mitunduyo inkayenda.

Sanadziwe pamene zingwe zinasanduka mipando. Anangoona kuti denga lili kutali m'mwamba, lofiirira ngati mkuwa, ndipo masamba akutuluka m'menemo. Munkazizira bwino. Phungu wina wansalu anaimirira, akupepezeka, nanena za msewu wa Kanakantapa umene umaswa matimati asanafike kumsika. Wa mbali inayo anamuyankha kuti msewuwo anaulonjeza ndi inu nomwe. Wina ananena za feteleza amene amafika chimanga chitachita kale chikasu, wina za magetsi ozimazima, wina za mtsinje wa Chongwe umene umasanduka mchenga, wina za anthu a ku Lusaka amene akugula minda n'kumangamo mipanda ya njerwa. Kumapeto kwenikweni kunali nkhalamba ya chipani chakufa, nkhope yake itatha ndi sopo, ikungovomera zonse ndi mano. Matewera anakweza manja kuti nawonso alankhule za atsikana amene sukulu inawathera panjira. Febby anafuna kumva chimene anene. Koma kunja kwa nyumbayo anthu ankaimba, ndipo nyimboyo inkayandikira.

Anatsegula maso. Pachipata panali ba Chipego ndi azimayi a Njinga, akuimba, akuwomba m'manja, wina akuliza belu la njinga.

"Mwabwela kunyumba, amake Kondwa," anatero ba Chipego, manja ali tambalale. "Takulandilani. Ba Juliana bali kuti, tibanyamule?"

Ba Juliana anali kumbuyo kwawo. Ankachokera kovina, fumbi m'miyendo, pamodzi ndi ba Mirriam ndi azimayi a Nyali. Nyimbo inaduka. Onse anayang'ana chingwe cha kumsewu, kenako cha kukhitchini.

"Ba Juliana," anatero ba Mirriam pang'onopang'ono, "kuseni muvina na ise, mumazulo mukwela njinga? Onani ba kandideti batu. Pakati pa matewela."

"Ni pamalo pabo," anatero wina wa Njinga, ndipo anzake anaseka.

Ba Juliana sanaseke. "Amake Kondwa, nichani ichi?"

Febby anaimirira, anabweza bere m'bulauzi. "Amai, ni Palamenti chabe. Nenze kuwelenga."

"Zaka zonse izi nyumba yanga sinakambepo. Vipani vabwela, vipani vayenda, nyumba yanga zii. Lelo waikambisa iwe na buku yako." Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenge. "Pa Chinai uzaona kwamene uzapeleka mwana wako. Msana wanga wapumula."

Febby anafungatira Kondwa. Pepala la Siviki likakudutsa, ndiye kudikira chaka china, ndipo chaka china ndani amadziwa kuti kumsana kudzakhala ndani. Anafuna kulira, koma misozi sisunga mwana.

"Palamenti ya vitenge," anatero ba Mirriam. "Iwe utiona monga ndise bana? Ngati ni zoona, tionese."

Febby anakatenga kampando kukhitchini, anakaika pansi pa mtengo. Anauza a Njinga kuti aime pansi pa zitenge zawo, a Nyali pansi pa zawo. Azimayiwo anapita akung'ung'udza, koma anapita, poti palibe amene ankafuna kuchoka nkhani isanathe.

"Manje pafunika Sipika," anatero Febby.

"Ndine chealedi," anatero ba Mirriam.

"Chealedi wa ku matewela," anatero ba Chipego. "Nizankala ine."

"Mango ni wanga," anatero ba Juliana. "Ninaubzala neka." Anakhala pakampando, nkhope ikadali yomanga.

"Palibe okamba ngati Sipika sanamulole," anafotokoza Febby. "Ndipo simukambisana mweka, mukamba na Sipika. Muntu akachita chongo, Sipika akamba ati oda, uja ankala pansi."

Ba Mirriam sanadikire kuti amalize. Anali atayamba kale kuuza ba Chipego za njinga yopanda mabuleki imene idzagwetsere wadi yonse m'dzenje, ndipo ba Chipego ankabweza za nyali yopanda palafini. Ba Juliana anayang'ana uku ndi uku.

"Oda," anayesa, motsitsa, ngati munthu wolawa mchere mu ndiwo.

Palibe anamva.

"Ba Mirriam. Oda. Nkalani pansi."

Ba Mirriam anatembenukira kwa Sipika. Pa kampeni yonseyi iwo ndiwo ankauza ba Juliana poima pamzere wovina, poyambira nyimbo, pokhala m'lole. Anayang'ana azimayi awo, anayang'ana mtengo, kenako anavundikira beseni n'kukhalapo. Pabwalo panamveka njuchi zokha. Ba Juliana anawongola msana pang'ono, anaika manja pa mawondo.

"Manje tikamba chani?" anafunsa.

Ba Chipego anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Ba Sipika, nkani ilipo kale. Mwana uyu azasala na ndani pa Chinai? Ise ba Njinga sitisiya mukazi panjila. Amulete kwanga. Azadya phala ya nshaba, azagona pa matilesi."

"Ba Sipika," anatero ba Mirriam, ataimirira msanga, "aba bantu balonjeza chabe. Matilesi yamene bakamba niiziba, ili na nsikizi. Mwana abwele kwanga. Nizamusambika, nizamuluka na sisi."

"Sisi ili kuti? Mutu uli monga dzila," anatero ba Chipego.

"Oda," anatero ba Juliana, ndipo ulendo uno mawuwo anatuluka okha.

Anakangana mpaka mthunzi wa mtengo unafika pa mpanda. Wina anati amuna nawonso azisunga ana, ndipo mbali zonse ziwiri zinaseka pamodzi. Wina anafunsa ngati ku Palamenti yeniyeni amapatsako tiyi. Febby anaima pambali, Kondwa m'manja, akuona zimene anawerenga zikuyenda ndi miyendo. Pomaliza anati nthawi yovota yakwana: amene akuvomereza kuti Kondwa asungidwe, mayi wake akalembe mayeso, anene kuti inde.

"Inde," anatero a Njinga. "Inde," anatero a Nyali, mokweza kuposa anzawo.

"Ine nakana," anatero ba Juliana.

Febby akanatha kukhala chete. Koma chinthucho anali atachiwerenga m'mawa womwewo, ndipo chinatuluka chisanapemphe chilolezo.

"Amai, Sipika alibe voti."

Azimayi anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Ba Juliana anadikira kuti amalize. Kenako anaimirira, ananyamula kampando kawo.

"Ngati nilibe voti, nilibe na nchito pa nkani iyi. Mwavota imwe, musungeni imwe."

Analowa m'nyumba. Febby anachotsa zitenge zonse, anazitembenuza, anazipinda, anazibwezera m'thiranki.

Masiku otsatira ba Juliana ankamulankhula za mchere ndi za nkhuku basi. Zingwe zinali zopanda kanthu, koma Febby akamasesa pabwalo ankazionabe nkhope zija, ndipo ankalambalala pamene panali komiti. Lachitatu masana, akuchokera kudimba ndi ndowa, anaima kuseri kwa nkhokwe. Ba Juliana anali pansi pa mango, pakampando, msana uli njo, manja pa mawondo. Pabwalo panalibe munthu. Anatembenukira kudzanja lamanja, anagwedeza mutu ngati akumvetsera. Anatembenukira kumanzere. Tambala anadutsa akuthamangitsa thadzi.

"Oda," anatero ba Juliana, motsitsa.

Febby anabwerera m'mbuyo pang'ono, anatsokomola, anagunditsa ndowa pamwala, kenako n'kutulukira. Anapeza apongozi ake akusankha nyemba.

Lachinayi linacha ndi mphepo. Febby anasamba, anasambitsa Kondwa, anaika mabolopeni ndi chitupa m'pulasitiki, matewera ndi botolo la phala m'kachikwama. Anawoloka msewu kupita kwa ba Chipego. Pakhomo panali loko. Mayi wina wodutsa ndi nkhuni anamuuza kuti a Njinga anyamuka mbandakucha, ali ndi msonkhano waukulu ku Bundabunda.

Anabwerera, anapita kwa ba Mirriam. Anawapeza atavala za Nyali kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akugawa zipewa.

"Ba chealedi, namuleta Kondwa."

"Lelo?" Ba Mirriam anayang'ana mwanayo ngati akumuona koyamba. "Mwana wanga, lelo ni msonkano wosiliza. Ninakamba kuti nizamusunga, sinikana. Koma lelo yeve sivingachitike. Mulete mailo, nizamuluka na sisi."

"Mayeso ni lelo."

"Ba Chipego si ndiye banayamba kulonjeza? Yenda kuli beve."

Febby anakaima m'mbali mwa msewu, pafupi ndi chipata chawo. Anayesa njira zonse m'mutu, monga mmene amayesera ndiwo zochepa pa anthu ambiri. Kupita naye kusukulu n'kumusiyira mayi wogulitsa zitumbuwa pageti? Mayi wosamudziwa, ayi. Kuimbira Derrick? Lusaka si kuseri kwa nyumba. Kupempha oyang'anira mayeso? Anawaona kale akubweza munthu chifukwa cha foni yokha. Kutali, kumene msewu umatulukira m'mitengo, kunadzuka fumbi la minibasi. Kondwa ankamuseweretsa khutu. Febby anayang'ana zingwe ziwiri zija zikugwedezeka zopanda kanthu, ndipo nyumba ya mkuwa ija inayamba kuzilala ngati chitenge chakale.

Lole ya a Nyali inafika minibasi isanafike, inaima pachipata. Azimayi anali atayamba kale nyimbo. Ba Juliana anatuluka m'nyumba atavala za Nyali, duku lomanga bwino, kachikwama m'khwapa.

"Kwelani, ba Juliana, tachedwa," anaitana ba Mirriam ali pamwamba.

Ba Juliana anafika pa lole, anagwira chitsulo, anaponda tayala. Kenako anatembenuka. Anayang'ana Febby, pulasitiki ya mabolopeni, ndi mwana kumsana.

"Bali kuti ma MP bako?"

"Bayenda ku kampeni, amai."

"Hm." Anatsitsa phazi. "Ine ninabavinila bantu aba kuchokela nikali na mabele yoimilila. Ukamvela inde yamphamvu so, uzibe kuti palibe chizachitika." Anatambasula manja. "Nipase mwana."

Febby anamasula chitenge msanga, apongozi ake asanasinthe maganizo.

"Ba Juliana, kumsonkano na mwana?" anatero ba Mirriam. "Zuba, fumbi, chongo."

"Derrick anakulila pa misonkano ya vipani vitatu. Onani lelo, ni mulonda, sagona."

Anawerama, anaika Kondwa pamsana, anapisa dzanja m'kachikwama n'kutulutsa chitenge. Mphepo inachitambasula asanachigwire bwino, ndipo lole yonse inaona mawilo a njinga.

"Icho sichikwela mu lole yanga," anatero ba Mirriam.

"Ichi ndiye cholimba. Vanu ivi va chaka chino ni pepala, mufuna mwana agwe?"

"Nakamba kuti—"

"Ba Mirriam," anatero ba Juliana. "Oda."

Wina m'lole anaseka, wina anamutsatira. Ba Juliana anachitembenuza chitengecho, nkhope ndi njinga zinalowa m'kati, kunja kunatsala mitundu yozilala yosadziwika mwini. Anamanga mfundo pachifuwa, anadumphitsa mwana kamodzi kuti akhazikike, analandira kachikwama ka matewera.

"Zikomo, amai," anatero Febby.

"Sininasinthe. Nikali kukana." Anakonza duku. "Sipika alibe voti, unakamba iwe. Koma msana ali nao. Ukabwela uzaniuza vamene banafunsa pali Sipika. Vonse, osasiyako."

Azimayi anawakoka m'manja, anakwera. Minibasi inaima kumbuyo kwa lole, kondakitala akumenya chitseko. Febby analowa, anakhala pawindo. Pamphambano lole inakhotera kwina, ndipo chomaliza chimene anaona m'fumbi chinali kamutu ka Kondwa kakuvina pamsana wa agogo ake, pakati pa zipewa za a Nyali.

M'holo ya mayeso munali mizere ya madesiki, ina kumanja, ina kumanzere, ndipo kutsogolo pakati panakhala mayi woyang'anira, manja pa tebulo. Munkazizira. Kumsana kwa Febby kunali kopepuka modabwitsa, moti kawiri konse anapeza dzanja lake likupita kumbuyo kukasisita mwana amene kunalibe. Atauzidwa kuti atsegule mapepala, anawerenga mafunso onse kaye, monga mmene ba Evaristo anawalangizira. Limodzi linkati afotokoze njira imene bilu imadutsa kuti ikhale lamulo.

Anatseka maso. Njuchi zinayamba kulira m'mwamba. Mphepo inatulukira m'mapesi, zingwe ziwiri zinadzaza, ndipo pansi pa mtengo panali kampando ndi munthu wowongola msana. Febby anatola kasokosi, anakaonetsa kwa Sipika, n'kuyamba kulemba.